Nthunzi Pansi pa Denga: Za Maiwe Osambiramo a M'nyumba ndi Chinyezi cha Kunyanja

Nkhani yokambidwa ku Lifuwu, m'boma la Salima

 Nkhani imene ndadza nayo, pakuimva koyamba, ioneka ngati ya anthu akutali, ya eni chuma a m'maiko ozizira amene amakumba dziwe m'kati mwa nyumba kuti azisambira kunja kuli chisanu, koma tikayenda nayo pang'onopang'ono tidzaipeza ili pakhomo pathu, pansi pa malata athu, ndi m'thumba la mbewu limene mlimi aliyense wa pa sikimu amalisunga mosamala kufikira nyengo yofesa.

Mukudziwa inu nonse kuti pafupi pano, ku Senga Bay, kuli mahotela amene, ngakhale nyanja ili pakhonde pawo penipeni, adakumba maiwe awoawo osambiramo alendo. Ndipo chifukwa chake n'chomveka, popeza mlendo amaopa likodzo, amaopa ng'ona ndi mvuu, ndiponso m'miyezi ya mwera mafunde amakalipa kotero kuti kholo silingalole kamwana kake kuviikamo phazi. Mudamvanso kuti m'chaka cha 2022, pamene mzinda wa Lilongwe udalandira masewera a achinyamata a maiko a kummwera kwa Africa, kudamangidwa dziwe la mipikisano yosambira ku Kamuzu Institute for Sports. Zinthu zikayamba chotere sizibwerera m'mbuyo, ndipo tsiku lidzafika pamene mwini hotela, kapena mkulu wa sukulu, kapena wa chipatala, adzati tiyeni dziwe ili tilizinge ndi khoma, tilifolere, tiike magalasi, kuti fumbi lisalowemo ndi kuti anthu azisambira usiku ndi usana. Amene adzayale njerwa, kukhoma malata ndi kulumikiza mawaya pa tsiku limenelo adzakhala ana athu omwewa. Ndipo popeza safunsa adadya phula, ndi bwino kuti tifunsiretu lero, maziko asanakumbidwe.

Mphunzitsi wathu woyamba ndi nyanja iyi imene tikuimva kuwomba tili chikhalire muno. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 29,600, ndipo imamwa madzi a Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru, Songwe, Ruhuhu wa ku Tanzania ndi mitsinje ina yambirimbiri, pamene khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, ndiye mtsinje wa Shire. Munthu angaganize kuti madzi onse olowa amatulukira ku Mangochi, koma si tero ai. Mwa magawo asanu a madzi amene nyanja imataya pachaka, Shire amatenga gawo limodzi chabe, ndipo magawo anayi amakwera kumwamba ngati nthunzi yosaoneka ndi maso, madzi akuya koposa mita imodzi ndi theka pankhope yonse ya nyanja chaka ndi chaka. Makolo athu adaona mphamvu ya chinthu chimenechi, pakuti kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja idatsika kotero kuti Shire adaleka kutuluka m'nyanjamo. Madzi onse okwerawo amapita ndi mphepo, ndipo thambo limene Mlengi adaliyala pamwamba pathu ndi lalikulu mokwanira kuwalandira ndi kuwabweza ngati mvula panthawi yake.

Mphunzitsi wina wa ku Manchester, John Dalton, adalemba m'chaka cha 1802 lamulo la kukwera kwa madzi kotereku, ndipo mayi aliyense woyanika usipa pathandala angavomereze kuti adanena zoona: madzi amauluka msanga akakhala ofunda, mpweya wa pamwamba pake ukakhala wouma, mphepo ikamawomba, ndiponso akayalidwa pamalo otakata. Koma mpweya uli ndi muyeso wake umene sungathe kuupitirira, ndipo muyesowo umatsata kutentha. Tiyerekeze bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, lodzala mpweya. Pa madigiri 30 mpweya umenewo unganyamule magalamu 30 a madzi. Pa madigiri 20 unganyamule magalamu 17 okha. Pa madigiri 10 magalamu 9 ndi pang'ono. Tsono akatswiri akamati chinyezi chili pa 60 peresenti, akunena kuti mpweya wasenza magawo 60 mwa magawo 100 a katundu amene ungathe kusenza pa kutentha kumene ulipo. Ndipo mukauziziritsa mpweya womwewo osachotsamo kanthu, katundu wake akhala yemweyo pamene mphamvu yake yachepa, mpaka ufike pamuyeso pamene sungathenso, nutula madziwo pa chinthu chilichonse chozizira chimene wachikhudza. Pamenepo ndipo pamene mame amabadwira, ndipo aliyense womanga nyumba ya dziwe ayenera kudziwa kuti mame a nyumba yakeyo adzayamba pa madigiri angati.

Izi si za m'buku chabe. Lowani m'nyumba ya malata yopanda siling'i m'mamawa wa mwezi wa Epulo kapena Meyi, tambala atalira kachiwiri, mukweze nyali m'mwamba. Mudzaona timadontho tandandalika kunsi kwa lata, tikukula, tikutsetsereka motsata mzere kufikira pamtanda, kenaka n'kugwera pa bulangete la mwana, kunja nyenyezi zili ngwee, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Mwini nyumba amakalipira mmisiri kuti adaboola malata molakwika, pamene mmisiri alibe mlandu. Latalo lataya kutentha kwake ku thambo loyera, lazizira kuposa mpweya wa m'nyumbamo, ndipo mpweya uja, wolemedwa ndi chinyezi cha nyanja, ndi kupuma kwa anthu ogona, ndi zovala zonyowa zoyanikidwa pachingwe, watula katundu wake pamenepo. Denga la udzu silichita zotere, chifukwa udzu wochindikala sulola kuzizira kwa kunja kufika kunsi kwake, ndiponso umapumira m'mipata yake.

Tsopano tiyeni tiike dziwe pansi pa denga. Titenge dziwe lapakatikati, la mamita 25 m'litali ndi mamita 12 ndi theka m'lifupi, madzi ake ali pa madigiri 27, mpweya wa pamwamba pake pa madigiri 28 ndi chinyezi cha 60 peresenti. Dziwe lotere, usiku popanda munthu wolitakasa, limapereka ku mpweya malita pafupifupi 30 pa ola. Masana, ana akamadumphiramo ndi kuwaza madzi pakhonde ponse, limafika pa malita 60. Ndipo tikawerenga usana ndi usiku pamodzi tipeza malita ngati 1,000, ndiyo migolo isanu ya malita 200, tsiku lililonse, chaka chonse, osapumula ngakhale pa Sabata. Nanga mpweya wa m'nyumbamo ungalandire angati? Nyumba ya mamita 30 ndi 18, yotalika mamita 6 kufika kudenga, ingalandire malita 35 okha isanakhute kotheratu. Chotero m'maola owerengeka nyumba ija isanduka mphika wovindikira uli pamoto, ndipo chivindikiro chake, chimene madzi amadzikundikira kunsi kwake ndi kudonthera pansi, ndilo denga limene mwini wake adalipira ndalama zambiri. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna dziwe m'nyumba walira migolo isanu imeneyi, ndipo ntchito yonse ya katswiri ndiyo kuipezera njira yotulukira isanalowe m'khoma.

Poyamba katswiri amachepetsa madzi okwerawo, ndipo amatero posankha bwino kutentha. Madzi osambira mpikisano amawasunga pa madigiri 25 kufikira 28, a ana ndi okalamba amawafunditsa koposa, ndipo mpweya amauika pamwamba pa madzi ndi digiri imodzi kapena awiri, chifukwa munthu wotuluka m'madzi, khungu lake lili chinyowere, amanjenjemera mpweya ukazizira kapena ukauma kwambiri, pakuti madzi ouluka pathupi pake amapita ndi kutentha kwa thupilo. Chinyezi amachisunga pakati pa 50 ndi 60 peresenti: kutsikira pansi pa 50, dziwe liuma msanga, wosambira azizidwa, ndipo magetsi apita pachabe, kukwera kupitirira 60, nkhungu iyamba kumera m'ngodya, utoto usupuka, zitseko zitupa, zitsulo zichita dzimbiri. Amasamalanso kuti mphepo ya mafani isawombe mwamphamvu pankhope ya madzi, popeza Dalton adatiuza kale chimene mphepo imachita.

Madzi amene akwera ndithu pali njira ziwiri zowachotsera, ndipo pano ndipempha amisiri athu atchere khutu, chifukwa ndi pano pamene mapulani ogulidwa kunja angatisokeretse. Njira yoyamba ndiyo kutaya kunja mpweya wonyowa ndi kulowetsa wina wouma. Ku Ulaya njira imeneyi imagwira ntchito bwino miyezi yambiri, popeza mpweya wa nyengo yachisanu, ngakhale kunja kuli nkhungu, umanyamula magalamu anayi kapena asanu okha, ndipo akaufunditsa umasanduka waludzu, numwa nthunzi ya dziwe mosavuta. Kwathu kuno njirayi ingatithandize m'miyezi ya mwera, Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mpweya umakhala ndi magalamu ngati 10 kapena 12, ndiponso m'chilimwe dzinja lisanayandikire. Koma m'Januwale ndi m'Febuluwale, pamene machesi amakana kuyaka ndi mchere umasungunuka m'mbale, mpweya wa kunyanja kuno kawirikawiri umakhala wolemera kuposa magalamu 16 amene tikufuna m'nyumba ya dziwe. Ndipo munthu amene ayatsa mafani ake nthawi imeneyo, poganiza kuti akuumitsa nyumba, akungotungira madzi a nyanja m'nyumba mwake kudzera mumpweya.

Njira yachiwiri ndiyo makina ofinya madzi mumpweya, amene kapangidwe kake ndi ka mtundu umodzi ndi firiji. Fani imakoka mpweya wonyowa niudutsitsa pa mapaipi ozizira koposa muyeso wa mame. Madzi amatsala pamapaipipo, nadonthera m'thireyi, natuluka ndi paipi yake. Kenaka mpweya uja, wouma tsopano koma wozizira, umadutsa pa mapaipi ena otentha nubwerera m'nyumba uli wofunda. Nzeru yaikulu ya makinawa ili pa kutentha kumene amakutola. Lita imodzi ya madzi, kuti isanduke nthunzi, imaba kutentha kokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a yuniti imodzi ya magetsi, kotero kuti migolo yathu isanu ija imaba mayunitsi oposa 600 patsiku kuchokera m'dziwe. Ndipo nthunziyo ikabwerera kukhala madzi pamapaipi ozizira imabweza kutentha konseko, kumene makina opangidwa bwino amakubwezera m'dziwe momwe kudachokera. Tikumbukire kuti makina oziziritsa mpweya sadapangidwe poyamba kuti anthu apeze kamphepo kayaziyazi. Willis Carrier adawakonza m'chaka cha 1902 chifukwa cha fakitale yosindikiza ya Sackett-Wilhelms ku Brooklyn, kumene mapepala ankatupa ndi chinyezi kotero kuti mitundu ya inki sinkagwirizana pachithunzi. Mdani wake woyamba adali chinyezi, ndipo kuzizira kudangodza pambuyo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali cholakwa chimene chafala m'zipinda zogona alendo m'mbali mwa nyanja muno. Mwini nyumba, pofuna kukondweretsa mlendo, amagula makina oziziritsa aakulu kuposa chipinda chake; makinawo amaziziritsa chipinda m'mphindi zowerengeka nazima okha, asanakhale ndi nthawi yofinya madzi, ndipo chipinda chimatsala chozizira koma chonyowa, nsalu za pabedi zili zii, kumbuyo kwa kabati kukuda ndi nkhungu, fungo la chinyontho likulonjera mlendo pakhomo. Makina aang'ono oyenda nthawi yaitali akadaumitsa chipindacho bwino ndi magetsi ochepa. Ndipo makina a mtundu umenewu, opangidwira zipinda zogona ndi maofesi, asaikidwe konse m'nyumba ya dziwe, pakuti mapaipi ake sadakutidwe ndi chowateteza ku mpweya wa klorini, ndipo adzadyeka msanga.

Za klorini ndiyenera kunenapo mosabisa mawu, ngakhale pali akuluakulu. Fungo lobaya m'mphuno limene limamveka pa maiwe ena, limene anthu amaliyesa chizindikiro cha ukhondo, limatuluka pamene klorini wakumana ndi thukuta, mafuta odzola ndi mkodzo wa osambira. Pamenepo pamabadwa mpweya wina woipa, wolemera kuposa mpweya wamba, umene umayandama pamwamba penipeni pa madzi, pomwe pali mphuno ya mwana wosambira. Umafiiritsa maso, umakhosomoletsa, ndipo umavutitsa kwambiri a chifuwa cha mphumu ndi antchito okhala pamenepo tsiku lonse. Makina ofinya madzi sauchotsa; uyenera kutayidwa kunja, ndipo chifukwa chake ngakhale m'dzinja mpweya wina wa kunja uyenera kulowa ndithu, makina naufinya usanafike kwa anthu. Potulukira pena pakhale m'munsi, pafupi ndi nkhope ya madzi, posakhala kudenga kokha. Mpweya wonse wa m'nyumbamo uzungulire kanayi kufikira kasanu ndi kamodzi pa ola. Ndipo mafani otulutsa azichotsa mpweya wochulukirapo pang'ono kuposa umene olowetsa akubweretsa, kuti nthunzi isakankhidwire m'makoma kapena m'zipinda zoyandikana. Kuyesa kwake n'kosavuta: mutaima kunja kwa chipinda cha dziwe, tsegulani chitseko pang'ono, mulendewetse kapepala kopyapyala pampatapo, kakapendekera kudziwe zili bwino, kakapendekera kwa inu nyumbayo ili pangozi. Koma mankhwala otsika mtengo koposa onse ndiwo lamulo loti munthu aliyense asambe ndi sopo, napite kuchimbudzi, asanalowe m'dziwe.

Nyumba yeniyeniyo nayo iyenera kumangidwa modziwa kuti mdani ali m'kati. Mpweya wa madigiri 28 ndi chinyezi cha 60 peresenti umatula mame pa chinthu chilichonse chozizira kufika madigiri 19 kapena 20, ndipo usiku wa Julayi kuno ku Salima galasi ndi lata zimatsika kupitirira pamenepo. Chotero mpweya wouma wochokera m'makina amautulutsira kunsi kwa mazenera kuti uzikwera ukusesa galasi. Denga amaliyalira chofunda chochindikala. Ndipo ku mbali ya m'kati ya chofundacho, mbali yoyang'ana kudziwe, amamata pepala lotchinga nthunzi, losang'ambika ngakhale pamsomali umodzi, pakuti nthunzi ikapeza kabowo imalowa, nifika pozizira, nisanduka madzi pamalo pamene diso la munthu silifika, ndipo mitengo imaola mwakachetechete utoto uli chiwalire kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Siling'i yolenjekeka, yosiya mpata wamdima pakati pake ndi denga, ndiyo yoopsa koposa, ndipo umboni wake ndi wa magazi.

Pa 9 Meyi 1985, m'tauni ya Uster ku Switzerland, dziko la amisiri odziwika ndi kusamala, siling'i ya konkire yolemera matani oposa 150 idagwera anthu amene ankasambira m'dziwe la m'nyumba, ndipo anthu 12 adafa. Nyumbayo idali ndi zaka 13 zokha. Siling'iyo idalenjekedwa pa ndodo za chitsulo chonyezimira chija chimene timati sichichita dzimbiri, cha mtundu wa mapoto ndi masipuni athu, ndipo omanga adachisankha pokhulupirira kuti ndicho cholimba koposa. Koma mpweya wa klorini, wodutsa mumpata wa pamwamba pa siling'i, udaunjika mchere wake pa ndodozo, pamene panalibe madzi oti azitsuka, ndipo chitsulo chimene chasenza katundu, chikakhala mumchere wotere ndi mofunda, chimang'aluka timing'alu tosaoneka mpaka kuduka mwadzidzidzi. Ku Netherlands zofanana ndi zimenezi zidachitikanso ku Steenwijk m'chaka cha 2001. Kuyambira pamenepo akatswiri adaphunzira kuti chitsulo chonyezimira cha wamba chisasenze katundu pamwamba pa dziwe, kuti bawuti iliyonse ikhale poonekera ndi pofikika, ndi kuti munthu azikwera kukaziyendera chaka ndi chaka. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndipo ine sindifuna kuti mwana wa ku Lifuwu adzakhome ndi manja ake chinthu chimene chidzagwere ana a anzake.

Zonse ndafotokozazi zaima pa mwendo umodzi, ndiwo magetsi osazima. Makina a nyumba ya dziwe sazimitsidwa usiku monga timazimitsira nyali, popeza dziwe silileka kupuma. Ndipo inu mukukumbukira bwino chimene chidachitika namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira m'Januwale 2022, pamene dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tidakhala mumdima maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Ndi zoona kuti boma lathu lino la Salima lili ndi munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60, umene udayamba ntchito m'chaka cha 2021, ndipo ndi chinthu chonyadira. Koma mame amabadwa m'bandakucha, dzuwa lisanatuluke. Womanga dziwe la m'nyumba ayenera tsono kuwerengeratu mtengo wa jenereta ndi mafuta ake, mtengo wa mmisiri wodziwa makinawo, ndi mtengo wa zipangizo zoitanitsa kunja. Ndiponso agule chinsalu chovindikira nkhope ya madzi usiku, chimene chimaletsa gawo lalikulu la nthunzi ndipo sichifuna waya.

Maganizo anga ndiwanena poyera, pamaso pa mafumu. Anthu a ku Ulaya adatsekera maiwe awo m'nyumba pothawa chisanu chimene ife tilibe, ndipo adalipira mtengo umene ndaufotokozawu chifukwa adalibe njira ina. Ife kuno kunyanja, chimene tikuthawa ndi dzuwa la Okutobala, mvula ndi masamba ogwera m'madzi. Ndipo zonsezi chisakasa chachitali chimazithetsa, denga lokwezeka pa nsanamira zolimba, lotseguka mbali zonse, lokhala ndi mpata pamsonga pake potulukira mpweya wofunda, ndi mpanda wa mitengo kapena khoma lalifupi kumbali ya mwera. Pansi pa chisakasa chotere mphepo ya nyanja imagwira kwaulere ntchito ya mafani ndi makina, fungo la klorini silikhazikika, ndipo magetsi akazima palibe chimene chimaonongeka. Dziwe lotsekedwa ndilisiyira chipatala, kumene odwala ofa ziwalo ndi ana olumala amalimbitsa thupi m'madzi ofunda a madigiri oposa 30, ndipo amafuna malo obisika ndi opanda mphepo. Pamenepo dziwe likhale laling'ono, ndipo katswiri wa mpweya, womanga, wa magetsi ndi wosamalira madzi akhale pamphasa imodzi pulani isanajambulidwe, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ngati m'dera lino muli ndalama yogulira makina ofinya madzi mumpweya, ine ndingakonde kuti ayambe aima m'chipinda chosungira mbewu ya mpunga, chifukwa ndi kumene lamulo lomweli limatidyera chuma chaka chilichonse. Mpunga, kaya ndi Faya kaya ndi Kilombero, timaumweta uli ndi madzi okwana 20 kufikira 25 peresenti ya kulemera kwake. Wodya uyenera kuuma kufika pa 14, ndipo wa mbewu pa 12. Koma njere ya mpunga siuma kamodzi n'kukhala chiumire; imapumirana ndi mpweya wouzinga, ndipo ikakhala m'chinyezi choposa 75 peresenti imamwanso madzi kufikira itapitirira 14, pamene chuku ndi anankafumbwe amapeza pokhala. Katswiri wa mbewu wa ku California, Harrington, adapeza kuti kuchotsa peresenti imodzi ya madzi m'mbewu youma kumawirikiza kawiri masiku a moyo wake, ndipo kutsitsa kutentha kwa nkhokwe ndi madigiri 5 kumachitanso chimodzimodzi. Pakumanga chipinda chozizira cha mbewu, amisiri akumbukire kuti zinthu zatembenuka: m'nyumba ya dziwe chinyezi chidali m'kati, pamene pano chili kunja chikufuna kulowa, chotero pepala lotchinga nthunzi liikidwe ku mbali ya kunja ya chofunda, wolimata m'kati, monga momwe buku la dziko lozizira lingamuuzire, adzapeza khoma lake litadzala madzi.

Mlimi wopanda makina sali wopanda chochita. Amayi a kuno amadziwa kuluma njere ndi kumva ngati yalira kuti khwaa pansi pa dzino; ndipo amadziwanso, ngakhale ena amanyozera, kuti mpunga wouma kwambiri pa dzuwa la masana, ukasiyidwa palona usiku n'kumwa mame, umang'aluka m'kati mwa mankhusu, nukasweka kuchigayo, ndipo wogula amadula mtengo poona misere. Chotero uyanikidwe mopyapyala, uzitembenuzidwa kawirikawiri, ndipo uunjikidwe ndi kufunditsidwa dzuwa lisanalowe. Matumba asagone pasimenti kapena kutsamira khoma, koma akhale pathandala la mitengo, mpweya uzidutsa pansi ndi m'mbali. Matumba otseka mpweya a PICS, a mapepala awiri a pulasitiki m'kati mwa saka, amateteza mbewu ku chinyezi cha dzinja ndipo amapha tizilombo potimana mpweya, koma amasunga chimene mwawapatsa: mukathiramo mpunga wosauma, mwatsekera madzi pamodzi ndi mbewu yanu. Asodzi ndi amayi a geni ya usipa amene adagwiritsapo ntchito mahema oumitsira nsomba ndi dzuwa, amene adamangidwa m'madoko ena a Salima ndi Mangochi, adaona okha kuti hema lotsekedwa ponseponse limachita thukuta ndi kuoletsa nsomba, pamene lokhala ndi mipata m'munsi ndi pamsonga limaumitsa ngakhale kunja kuli mitambo.

Mazenera a nkhokwe ya kalabu yanu asatsegulidwe mwachizolowezi chabe, koma atsegulidwe masana owala, pamene mpweya wa kunja ndi wouma, natsekedwe madzulo, m'mamawa ndi tsiku la mvula. Ndipo kachipangizo koyezera chinyezi, kamene mtengo wake sufika pa thumba limodzi la mpunga, kapachikidwe pakhoma, mlembi wa kalabu azilemba m'kope chimene kakuonetsa m'mawa ndi madzulo, kuti pakutha pa chaka mudzadziwe miyezi imene nkhokwe yanu imadwala. Kumene kachipangizoko sikadafike, tengani botolo louma bwino, muthiremo mpunga wodzaza dzanja ndi supuni ya mchere umene mwauumitsa padzuwa kapena pachiwaya, mutseke, mukhutchumule, mulisiye kanthawi, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mpungawo ubwerere palona mawa, ndipo ukayoyoka wouma, mungathe kusoka thumba.